Musanasaine, Funsani Amene Adzasunge Kiyi

M'mbali mwa nyanja ku Salima muli bungwe lina laling'ono lomwe limagwira ntchito ndi amayi ogula usipa pa doko, kuyanika pa thandala ndi kukagulitsa ku Lilongwe. Dzina lake tilisunge, pakuti zomwe zinaligwera zagwera mabungwe ambiri, ndipo ena mwa inu mudzionamo nokha.

Kwa zaka zambiri bungweli linkalemba zonse m'mabuku a chikuto cholimba. Munkalembedwa dzina la mayi, doko lomwe amagulira, ngongole yomwe watenga, tsiku lobweza, ngakhale zigoba za usipa zomwe zamuwonongekera mvula itagwa nsomba zili pa thandala. Mabukuwo ankanunkha nsomba, masamba ake anali akuda ndi zala, koma aliyense wodziwa kuwerenga ankatha kuwatsegula n'kupeza dzina lake.

Kenaka kunabwera pulojekiti. Othandiza anati nthawi ya mabuku inatha, ndipo anabweretsa kampani yomwe inali ndi pulogalamu yake yosungira mayina ndi ngongole pa intaneti. Anagula matabuleti, anakonza webusaiti yokongola yokhala ndi zithunzi za mabwato dzuwa likutuluka, ndipo mwambo wotsegulira unachitikira pa hotela ina ku Senga Bay. Kunali zakumwa, ma T-shirt ndi alawansi. Pa nthawi ya mafunso mayi wosunga mabuku anaimika dzanja.

"Pepani bwana, ine langa ndi limodzi. Nanga pulojekitiyi ikadzatha, zimene tikulembamozi tidzazipeza kuti?"

Mnyamata wa kampani anamwetulira. "Musadandaule mayi, zonse zili pa cloud. Sizingasowe."

Anthu anawomba m'manja, mayiyo anakhala pansi. Kontilakiti inasainidwa tsiku lomwelo. Pa tsamba lina chakumapeto panali mawu oti pulogalamuyo ndi ya kampani, bungwe likungobwereka, ndipo chaka chilichonse lizilipira m'madola molingana ndi chiwerengero cha anthu oigwiritsa ntchito. Zaka zoyambirira ankalipira ndi othandiza, choncho palibe anamva kulemera kwake. Mabuku akale anawaponya m'katoni kuseri kwa kabati, chinyontho ndi chiswe n'kuyamba ntchito yawo.

Pulojekiti itatha, bilu inabwera kwa eni ake. Inafika nthawi yoipa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ngakhale wokhala ndi makwacha ankavutika kupeza madola ku banki. Tsiku lina m'mawa mayi uja anatsegula tabuleti n'kupeza uthenga wachizungu woti nthawi yawo yatha. Anaimba foni kwa mnyamata uja, koma anali atasiya ntchito. Analemba kalata, ndipo yankho linali laulemu kwambiri: lipirani, titsegule. Atachonderera kuti angowabwezera mayina ndi ngongole zokha, anawatumizira mafailo ongowerenga ndi maso, osatheka kuwalowetsa m'pulogalamu ina popanda kulembanso dzina lililonse ndi manja, ndipo mbiri ya kabwezedwe ka ngongole munalibe. Webusaiti nayo inazimiririka, chifukwa dzina lake linalembetsedwa pa imelo ya katswiri wina waganyu, ndipo uthenga wokumbutsa kulipira unkapita kwa iyeyo.

Zotsatira zake zinakaonekera pa msonkhano wa pansi pa mtengo. Wina anati, "Ine ndinabweza kale yonse, amayi." Wina anati, "Ayi anzanga, munatsala ndi theka." Wosunga mabuku analibe choonetsa. Amayi omwe ankabwerekana mchere anayamba kudutsana osapatsana moni, ndipo thumba la ngongole lomwe linatenga zaka kuti likule linaphwa ngati chithaphwi mu Okutobala.

Chopweteka pa nkhaniyi n'choti palibe amene anaba. Kampani inachita zomwe zinalembedwa, othandiza analipira mpaka tsiku lomwe analonjeza. Cholakwika chinachitika tsiku la zakumwa lija, pamene funso labwino linayankhidwa ndi kumwetulira. Safunsa anadya phula, koma wofunsa n'kukhutira ndi yankho lopanda mutu amadyanso phula lomwelo.

Wina anganene kuti izi ndi za mabungwe aang'ono osowa maloya. Ayi ndithu. Dziko lonse linalawako.

Mu Malichi 2019 boma linasainirana ndi kampani ya Techno Brain kontilakiti ya madola 60.8 miliyoni yokonza sisitimu yatsopano yosindikizira mapasipoti. Mu Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anaithetsa. Kuthetsa pa pepala kunali kophweka, koma kutulukamo inali nkhani ina, moti boma linabwereranso kwa kampani yomweyo kuti ithandize mongoyembekezera. Mu Januwale 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima. Pa 21 Febuluwale pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali a pa intaneti alowerera sisitimuyo ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Anapatsa nthambi ya Immigration masabata atatu kuti ipeze njira. Bungwe la CDEDI linatsutsa, linati gwero la vuto ndi nkhani ya malaisensi. Kampani ya Techno Brain inati iyo inali itapereka kale sisitimuyo m'manja mwa boma. Kusindikiza kunayambiranso pang'onopang'ono mu Malichi, ndipo ntchito inapatsidwa kwa kampani ya m'dziko momwe muno ya E-Tech Systems.

Pamene akuluakulu ankalozana zala, mnyamata wa kwa Maganga yemwe anagulitsa gawo lake la chilimira kuti apeze K90,000 ya pasipoti, ali ndi malonjezo a ntchito ku Joni, ankangokwera minibasi pa Kamuzu Road kupita ku Lilongwe n'kubwerako chimanjamanja. Odwala ofuna thandizo kunja, ophunzira ndi amalonda onse anali pa mzere womwewo. Kaya mukhulupirira mbali iti pa mkanganowo, mfundo imodzi siisintha: ntchito yomwe ndi ya boma lokha inaima kwa masabata ambiri, ndipo eni dziko sanathe kungotsegula okha, kukonza n'kupitiriza.

Apa ndi pomwe nkhani ya mapulogalamu a open source imalowera. Pulogalamu iliyonse ya pa kompyuta imalembedwa ndi anthu, mzere ndi mzere, ndipo zolembedwazo ndi zomwe akatswiri amati source code. Makampani ambiri amabisa zolembedwazi n'kukugulitsani chilolezo chongogwiritsa ntchito. Mapulogalamu a open source amabwera ndi chilolezo china: aliyense akhoza kuwerenga zolembedwazo, kuzikonza, kuziwonjezera, kuziika pa seva yomwe wafuna ndi kugawira ena. Msodzi wa ku Chikombe akamagula injini ya boti sayang'ana liwiro lokha. Amafuna kudziwa ngati makaniko wa pa doko angathe kuitsegula, komanso ngati masipeya ake amapezeka m'tauni. Injini yomata ndi chidindo, yoti ikangotsokomola mpaka muitanitse mwini fakitale, ngakhale ikhale yonyezimira chotani, idzakugonekani pa mtunda usipa uli mbwee. Nzeru yomweyi ndi imene imasowa m'maofesi ambiri pogula mapulogalamu.

Ndipo si nkhani yachilendo kwa ife. Aliyense amene anapitapo ku chipatala cha boma n'kuona kalaliki akudina pa sikirini ndi chala, kenaka kamakina n'kutulutsa kapepala komata m'buku la kuchipatala, anaona open source ikugwira ntchito. Njira imeneyi inayambira pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe cha m'ma 2001, pansi pa bungwe la Baobab Health lomwe anayambitsa a Gerry Douglas, ndipo mbali yaikulu ya mapulogalamu ake inalembedwa ndi achinyamata a ku Malawi konkuno. Chipatala cha Salima chinali m'gulu la zipatala zoyambirira za m'maboma kulandira sisitimu yotsatira odwala omwe amamwa ma ARV. Mu 2019 thandizo la ndalama za ku America pa ntchitoyi linasamukira ku bungwe la EGPAF. Kusintha kotere kumakhala ndi zowawa zake, koma sisitimu sinafe ndi kusinthako. Ogwira ntchito atsopano anali ndi poyambira, chifukwa zolembedwa sizinatsekeredwe m'kabati ya munthu mmodzi.

Chitsanzo china ndi DHIS2. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera ku zipatala zazing'ono monga Lifuwu, Khombedza ndi Chipoka, onena za ana olandira katemera, amayi oyembekezera ndi odwala malungo, amathera m'sisitimu imeneyi. Mbewu yake inafesedwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1990 ulamuliro watsankho utangotha, ndipo lero imayendetsedwa ndi University of Oslo ya ku Norway pamodzi ndi magulu a akatswiri m'mayiko osiyanasiyana. Malawi inayamba ndi DHIS yakale mu 2002, n'kusamukira ku DHIS2 mu 2012. Mayiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito. Ubwino wa kugawana unaoneka mu 2020: akatswiri a ku Sri Lanka anakonza msanga gawo lotsatira matenda a Covid-19 pa DHIS2, ndipo m'masabata ochepa mayiko ena ambiri anatengera, aliyense n'kusintha mogwirizana ndi kwawo, popanda kudikira kampani kuti itchule mtengo. Nawo mapu a boma a pa MASDAP, omwe amathandiza pokonzekera kusefukira kwa madzi, anamangidwa pa GeoNode, yomwenso ndi open source. Ngakhale pa nkhani zovuta ngati ziphaso za unzika pali MOSIP, yopangidwa ku Bangalore m'dziko la India, yomwe mayiko monga Philippines, Morocco ndi Ethiopia anaitenga. Kwa bungwe laling'ono zida zilipo zambiri: WordPress kapena Drupal pa webusaiti, ODK kapena KoboToolbox potolera uthenga m'midzi ndi foni ngakhale kulibe netiweki, QGIS pojambula mapu, LibreOffice polemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama.

Koma pano ndikutsineni khutu, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amene angakuuzeni kuti open source ndi yaulere wakuuzani theka la nkhani. Chomwe simulipira ndi laisensi. Seva imalipiridwa, intaneti imalipiridwa, magetsi akathima pamafunika sola kapena jenereta, ndipo koposa zonse pamafunika munthu wodziwa ntchito woti azilandira malipiro mwezi uliwonse. Webusaiti ya WordPress yosiyidwa chaka chonse osaikonzanso ndi nyumba yopanda chitseko. Akathyali safunika ngakhale kukudziwani, makina awo amangoyendayenda pa intaneti kusaka mawebusaiti ogona, ndipo tsiku lina mudzapeza tsamba la bungwe lanu likutsatsa juga. Open source payokha siletsa kuberedwa. Chomwe imakupatsani ndi ufulu woitana katswiri aliyense kuti aone pomwe palowera mbala, atseke, ndipo ngati n'kofunika amange zonse mwatsopano pa seva ina kuchokera pa zomwe munasunga.

Mzinda wa Munich ku Germany uli ndi phunziro pa zimenezi. Mu 2003 khonsolo yake inaganiza zosamukira ku Linux, yomwe ndi open source, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi makompyuta okwana 15,000 anali atasamuka. Mu 2017 khonsolo inavota zobwerera ku Windows, pakati pa madandaulo a ogwira ntchito ndi kusintha kwa ndale. Ngati mzinda wolemera chotero unagwedezeka, ndiye kuti kusamuka sikufuna chidwi cha bwana mmodzi yekha. Kumafuna kuphunzitsa anthu, kuwamvera akadandaula ndi kuika ndalama zake mu bajeti. Komabe Ajeremani sanataye nkhaniyi: mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein linalengeza zosamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux, ndipo chifukwa chachikulu chomwe linapereka chinali chakuti likufuna kudzilamulira lokha pa zinthu zake.

Nyerere ina ili pafupi kwambiri ndi ife. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ndipo patangopita miyezi yochepa USAID inatsekedwa. Mabungwe ambiri anaima ntchito usiku umodzi. Pamenepo zinaoneka poyera kuti pulogalamu ikhoza kukhala yotseguka, koma ngati seva ikulipiridwa ndi pulojekiti, pasiwedi yaikulu ili ndi wogwira ntchito wa pulojekiti, ndipo odziwa kuikonza onse amalandira malipiro ku pulojekiti, ndiye kuti kiyi akadali m'thumba la wina. Unduna kapena khonsolo yomwe ikunyadira sisitimu yake idzifunse kuti ndi angati mwa akatswiri ake omwe ali pa malipiro a boma, ndipo ndi mzere uti wa bajeti womwe umalipira seva.

Tichotsenso mantha ena omwe amamveka m'misonkhano, oti pulogalamu ikakhala yotseguka ndiye kuti zinsinsi za anthu zili pambalambanda. Ayi. Chotseguka ndi kapangidwe ka pulogalamu, osati mayina a odwala kapena ngongole za amayi. Zimenezo zimatetezedwa ndi mapasiwedi, malire a yemwe angaone chiyani, ndi lamulo. Kuyambira 2024 Malawi ili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, la Data Protection Act, lomwe MACRA imayang'anira. Lamuloli limaika udindo pa amene akutolera uthengawo. Mukatolera mayina ndi manambala a foni a asodzi a ku Senga Bay, n'kuwasiya pa seva yomwe simukudziwa komwe ili, oyankha mlandu ndinu.

Tsono inu a ku khonsolo, a ku ofesi ya zausodzi, a zaumoyo, a mipingo ndi mizikiti, a mabungwe omwe si aboma, wogulitsa kapena wothandiza akabwera ndi sisitimu, musathamangire kuona mmene sikirini ikukongolera. Yambani ndi nkhani ya tsiku lodzasiyana, ndipo mayankho ake alembedwe m'kontilakiti, osati kungonenedwa pakamwa.

Funsani kuti source code ndi ya ndani. Ngati pulogalamu ikulembedwa ndi ndalama za misonkho kapena za thandizo loperekedwa m'dzina la anthu, zolembedwazo zikhale zanu, zisungidwe pamalo pomwe inu muli ndi kiyi, pansi pa laisensi yolola kuti ofesi ina ya boma izigwiritsenso ntchito. Palibe chifukwa choti Salima ilipire, Nkhotakota ilipirenso, Mangochi nayo ilipire chinthu chimodzimodzi.

Funsani ngati mungatulutse data yanu yonse tsiku lililonse lomwe mwafuna, popanda kupempha kapena kulipira, m'mafailo oti pulogalamu ina ingawerenge. Musakhutire ndi "inde". Auzeni akuonetseni pompo, ndipo kalaliki wanu ayese ndi manja ake.

Funsani kuti dzina la webusaiti, seva ndi akaunti yaikulu zalembetsedwa m'dzina la ndani. Zikhale m'dzina la bungwe, pa imelo ya bungwe, ndipo anthu osachepera awiri azidziwa kolowera. Munthu amasiya ntchito, amasamuka, amadwala, amamwalira.

Funsani mtengo wa chaka chachitatu ndi chachisanu, othandiza atapita, ndipo mufunse ngati uli m'makwacha kapena m'madola. Ngati simungaukwanitse ndi ndalama zanu, chinthucho si mphatso koma ngongole yochedwa kubwera.

Funsani kuti ndi anthu angati m'Malawi muno, kupatula kampaniyo, omwe angathe kuikonza. Chaka chilichonse UNIMA, MUBAS, MUST ndi Mzuni zimatulutsa achinyamata odziwa makompyuta, ambiri n'kumakhala opanda ntchito. Ndalama yomwe imapita kunja ngati laisensi ikhoza kukhala malipiro a mmodzi wa iwo, ndipo nzeru zake zimatsala konkuno.

Pomaliza funsani za backup: imasungidwa kuti, kangati, ndipo ndi liti pomwe wina anayesa kubwezeretsa zinthu kuchokera mmenemo n'kuona kuti zikuthekadi. Ndipo musataye mabuku kapena kusiya kusindikiza malipoti pa pepala mpaka njira yatsopano itadutsa nyengo imodzi ya mvula, ya kuthimathima kwa magetsi ndi ya kusowa kwa ndalama.

Nthawi zina mukafunsa zonsezi mudzapeza kuti pulogalamu yogula ndi imene ikuyenera ntchito yanu. Palibe tchimo pamenepo, bola mwalowa maso ali gwa ndipo khomo lotulukira mwaliona. Koma ofesi ya boma kapena bungwe lotumikira anthu lizitenga open source ngati poyambira, ndipo wofuna njira yotseka ndi amene azifotokoza chifukwa chake. Mayina omwe mumasunga si anu. Ndi a odwala, a asodzi, a ana asukulu ndi a okalamba olandira mtukula pakhomo, ndipo anakupatsani pokhulupirira kuti mawa akabwera mudzawapeza. Wogulitsa amene akuzemba mafunso amenewa lero, pamene akufuna siginecha yanu, sadzawayankha bwino tsiku lomwe inu mudzakhale mukufuna pasiwedi yake.